Chikwama cha Paulendo ku Mangochi: Nsalu Iti Imatchinga Madzi, Ndipo Kwa Nthawi Yaitali Bwanji?

Wogula chikwama chobereka kumbuyo kawirikawiri amafunsa funso limodzi lokha: kodi chimalowa madzi? Wogulitsa naye sachedwa kulumbira kuti ngakhale mvula itagwa usiku wonse, katundu adzatuluka wouma. Onse awiri amasiya mafunso awiri ofunika kwambiri. Loyamba n'lakuti madzi ake ndi ati, a mvula kapena a m'nyanja. Lachiwiri n'lakuti nsaluyo idzapitiriza kutchinga madzi kwa zaka zingati m'dera lotentha ngati Mangochi.

Mafakitale ambiri opanga zikwama zokwerera mapiri amaganizira anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene mdani wamkulu ndi mvula yamvumbi ndi chipale chofewa. Kumwera kwa nyanja ya Malawi zinthu n'zosiyana. Nsalu imene ingakhale zaka zambiri ku Scotland ikhoza kuyamba kunanda ndi kununkha itangokhala madzinja angapo ku Monkey Bay. Choncho posankha, sitiyenera kuyang'ana mphamvu ya nsalu tsiku logula lokha, komanso mmene idzakalambire kwathu kuno.

Kumene madzi amachokera

Woyenda pansi m'boma la Mangochi ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi ya kumtunda: nkhalango ya Namizimu, zitunda za ku Chowe pa msewu wa ku Namwera, ndi phiri la Mangochi kumene kuli mabwinja a linga limene atsamunda anamanga m'zaka za m'ma 1890. Kumeneko madzi amachokera kumwamba, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo udzu wautali wa mame umanyowetsa chikwama m'mawa ngakhale kusanagwe dontho.

Njira ina ndi ya kunyanja, ku Nankumba, m'malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Munthu amakwera mapiri a kuseri kwa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear m'mawa, masana n'kukwera boti kupita ku zilumba za Thumbi, Domwe kapena Mumbo. Pamenepa madzi amabwera mwamtundu wina. Amawaza m'mbali, amadikha pansi pa boti pomwe pali katundu, ndipo bwato likagudubuzika amapanikiza chikwama mbali zonse. Ngakhale okwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, amadziwa kuti m'madoko opanda potsikira amatsika pa maboti ang'onoang'ono n'kumaliza ulendo akuvuula m'madzi, katundu ali pamutu.

Chinanso n'chakuti kunyanja kulibe nyengo yoti munthu n'kunena kuti katundu sanyowa. Miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula kulibe, koma ndi pamene mphepo ya mwera imautsa mafunde. Ikafika nyengo ya mvula, mphepo ya mpoto imatenga malo. Kupatula madzi, palinso dzuwa la Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 35, chinyezi cha m'dzinja, mchenga wolowa paliponse, miyala yokhakhala ndi minga. Nsalu iyenera kulimbana ndi zonsezi.

Ulusi: nayiloni, poliyesita ndi thonje

Nsalu yolukidwa payokha siitchinga madzi. Ngakhale italukidwa mothina bwanji, pakati pa ulusi pamakhala timipata. Ntchito ya ulusi ndi kunyamula katundu ndi kupirira kukhulika, pamene yotchinga madzi imagwiridwa ndi zimene amapaka kapena kumata pansaluyo. Komabe mtundu wa ulusi uli ndi gawo lake.

Nayiloni, amene kampani ya DuPont inatulukira mu 1935, ndi wolimba kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo amapirira akamakhulika pamiyala. Vuto lake n'lakuti amamwa madzi pang'ono, pafupifupi magalamu 4 pa magalamu 100 alionse, ndiye akanyowa amatamuka n'kuchedwa kuuma. Dzuwa limamufooketsanso msanga. Poliyesita, amene akatswiri a ku Britain anatulukira mu 1941, amamwa madzi ochepa zedi, osafika galamu imodzi pa magalamu 100, amauma msanga ndipo amapirira dzuwa kuposa nayiloni. Pa kulimba nayiloni amamuposa, koma kwa chikwama chimene chidzakhale tsiku lonse pamchenga kapena pamwamba pa boti, poliyesita wochindikala si wonyozeka.

Thonje lochindikala lopakidwa phula ndi njira yakale ya amalinyero. Limaoneka bwino ndipo munthu akhoza kulipakanso yekha, koma ndi lolemera, phula lake limafewa padzuwa, ndipo likasungidwa lonyowa limachita chuku. Kwa wokwera phiri m'chigwa chotentha, limeneli ndi katundu wongowonjezera thukuta.

Pa zikwama zambiri mumaona manambala otsatizana ndi chilembo D, monga 210D, 420D, 600D kapena 1000D. Muyeso umenewu, wotchedwa denier, umanena kulemera kwa ulusi: 600D ndiye kuti ulusi wotalika mamita 9,000 umalemera magalamu 600. Nambala yaikulu imasonyeza ulusi wonenepa, osati kutchinga madzi, ndipo siiyenera kuyerekezedwa pakati pa mitundu yosiyana. Nayiloni wabwino wa 420D amatha kuposa poliyesita wotchipa wa 600D amene ali m'zikwama zambiri za ana asukulu. Cordura ndi dzina la malonda, ndipo limaikidwa pa nsalu zolimba zopirira kukhulika, kawirikawiri za nayiloni wa 500D kapena 1000D. Nsalu ya ripstop mumaizindikira ndi timabokosi ta ulusi wonenepa tolukidwira m'kati. Minga ikaboola, kung'ambikako kumaima pa ulusi wonenepawo m'malo mothamanga mpaka pansi. Kwa oyenda m'tchire la minga, chimenechi ndi chothandiza, koma nachonso si chotchinga madzi.

Zopaka: apa ndi pamene pagona nkhani

Mu 1823 Charles Macintosh wa ku Glasgow anapeza njira yomata mphira pakati pa nsalu ziwiri. Majasi ake ankatchinga mvula, koma ankauma gwa kukazizira, kukatentha n'kuyamba kunanda ndi kununkha. Papita zaka zoposa 200, mankhwala asintha, koma kutentha kukadali mayeso aakulu a chopaka chilichonse.

Chofala kwambiri ndi polyurethane, amene pa zikwama amangolemba kuti PU. Ndi kachikopa kopyapyala kopakidwa kuseri kwa nsalu, kotchipa, kopepuka, ndipo kamalola kumata tepi pamisoko. Tsoka lake n'lakuti mitundu yambiri ya PU imaphwanyika pang'onopang'ono ikakumana ndi chinyezi, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuphwanyikako. Zizindikiro zake n'zodziwika: m'kati mwa chikwama mumananda, mumatuluka fungo lowawasa ngati la masanzi, kenako timapepala toyera timayamba kusupuka n'kumamatira ku zovala. Chikwama chosungidwa m'nyumba ya malata m'mphepete mwa nyanja m'mwezi wa Januwale chimakumana ndi zonse ziwiri, chinyezi ndi kutentha, usana ndi usiku.

Silikoni amalowerera mu ulusi m'malo mongokhala pamwamba. Saphwanyika ndi chinyezi ngati PU, ndipo amawonjezera mphamvu ya nsalu pokana kung'ambika. Koma ndi woterera moti tepi wamba ndi guluu wamba sizigwira, ndipo nsalu zake nthawi zambiri zimakhala zopyapyala. Ndi zabwino pa timatumba ta m'kati ndi pa chovindikira chikwama, osati pa tsinde la chikwama chimene chidzakhale pamwala.

PVC tonse timamudziwa, ndi uja wa lona wophimbira katundu pa malole. Madzi sadutsa, mtengo wake ndi wofikirika, amapirira kukokedwa pansi, ndipo zigawo zake amazilumikiza pozisungunula ndi makina m'malo mosoka. Matumba ambiri a m'boti amapangidwa ndi ameneyu. Zovuta zake ndi kulemera, kutentha pamsana, komanso kuti akakalamba padzuwa amauma n'kuyamba kuthetheka m'mopindika. Kunyamula chikwama chachikulu cha PVC kukwera nacho ku Namizimu ndi kudzizunza, koma kuchiponya m'boti la ku Domwe ndi nzeru.

TPU ndi m'bale wake wa PU, koma amabwera ngati pepala lochindikalirapo limene amamata pa nayiloni kapena poliyesita. Amalumikizika posungunula ngati PVC, koma ndi wopepuka ndipo sauma msanga. Kwa munthu amene ulendo wake umasakaniza phiri ndi nyanja, TPU ndiye amayandikira kwambiri pa zofunika zonse, kungoti mtengo wake ndi wokwererapo ndipo sapezeka wambawamba m'misika yathu.

Pamwamba pa zonse pali nsalu zomatikiza zimene zinachokera ku matanga a ngalawa za mpikisano. Ina ndi Dyneema Composite Fabric, imene kale inkatchedwa Cuben Fiber, ndipo inayambira pa matanga a mpikisano wa America's Cup mu 1992. Ina ndi X-Pac, yopangidwa ndi kampani ya matanga ya Dimension-Polyant. Nsaluzi zili ndi pepala la pulasitiki m'kati, sizimwa madzi kwenikweni ndipo ndi zopepuka modabwitsa. Koma mtengo wa zikwama zake ndi wa madola mazanamazana, mitundu yopyapyala siichedwa kubooka pamiyala yokhakhala, ndipo ikawonongeka telala wa pamsika sangaikonze bwino. Zimathandiza munthu woyenda makilomita ambirimbiri amene amawerengera galamu iliyonse. Kwa ulendo wa masiku awiri ku Cape Maclear, ndalamazo zili ndi ntchito zina zabwino.

Palinso mankhwala opopera kunja kwa nsalu, olembedwa kuti DWR, amene amachititsa madzi kugubuduka ngati timikanda. Ogulitsa amakonda kuonetsa zimenezi pothira madzi pang'ono pachikwama. Musatengeke nazo. Mankhwalawa amangochedwetsa nsalu kunyowa, amatha ndi fumbi, thukuta ndi kukhulika, ndipo mitundu yake yakale ili ndi mankhwala a gulu la PFAS amene savunda m'chilengedwe, n'chifukwa chake makampani ambiri akuwasiya. Ponena za Gore-Tex, ubwino wake ndi kutulutsa nthunzi ya thukuta m'jekete kapena m'nsapato. Chikwama sichichita thukuta, choncho palibe chifukwa cholipirira zimenezo.

Manambala a pachikalata

Mphamvu yotchinga madzi amaiyeza poika nsalu pansi pa madzi opanikizidwa mpaka madontho atayamba kudutsa. Zotsatira zake amazilemba m'mamilimita. Nsalu ya 1,500 mm ndiye kuti inapirira kulemera kwa madzi oimirira mita imodzi ndi theka, ndipo muyeso umenewu ambiri amautenga ngati poyambira pa nsalu yoyenera kutchedwa yosalowa madzi. Ya 5,000 mm kapena 10,000 mm ili ndi mphamvu yochulukirapo. Kufunika kwa nambala yaikulu sikubwera chifukwa cha mvula yokha, koma chifukwa cha kupanikiza: munthu akakhalira chikwama pansi ponyowa, kapena ena akasanjikiza matumba a ufa pamwamba pake m'boti momwe mwadikha madzi, madziwo amakankhidwa kulowa m'timipata.

Dziwani kuti nambalayi ndi ya kachidutswa ka nsalu yatsopano, osati ya chikwama chathunthu, ndipo imatsika nsalu ikamakalamba. Muyeso wa chinthu chathunthu ndi uja woyamba ndi IP. Mwachitsanzo IPX7 imatanthauza kuti chinthucho chikhoza kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Zikwama zochepa kwambiri ndi zimene zimafika pamenepo.

Misoko ndi zipi

Zikwama zambiri sizidontha pansalu, zimadontha pamene padutsa singano. Chikwama chokwerera mapiri chili ndi malamba, timatumba ndi zingwe zambiri, ndipo chilichonse chasokedwa, kutanthauza mabowo zikwizikwi. Opanga matenti ndi majekete amamata tepi kuseri kwa misoko, koma pa chikwama cha misoko yopingasapingasa zimenezi n'zovuta, moti ambiri sayesa n'komwe. N'chifukwa chake chikwama chodula cha nsalu yabwino chimatha kunyowetsa zovala mvula ikalimbikira.

Zipi ndi khomo lina. Zipi wamba amalowetsa madzi mosavuta. Ena ali ndi kachikopa konyezimira pamwamba, monga AquaGuard wa kampani ya YKK, ndipo amatchinga mvula yowaza koma osati kumizidwa. Zipi wotsekeratu madzi aliko, koma ndi wodula, wolimba pokoka, ndipo mchenga wa kunyanja umamuwononga msanga. Njira yodalirika ndi yopanda zipi: kukamwa kwa thumba kumapindidwa katatu kapena kupitirira, kenako n'kumangidwa ndi chomangira. Palibe chimene mchenga ungathyole pamenepo.

Chovindikira cha mvula chimene chimabwera ndi zikwama zina chimathandiza panjira ya kumtunda, koma sichiphimba mbali yogunda msana, ndipo madzi otsika m'khosi amadzera momwemo. Mphepo imachivula, minga imaching'amba, ndipo m'boti chilibe ntchito.

Pa kaunjika ndi kwa telala

Ambiri mwa ife zikwama zabwino timazipeza pa kaunjika, kaya pamsika wa Mangochi, ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mwayi ulipo, chifukwa nsalu ndi malamba a zikwama za makampani odziwika zimakhala zikadali zolimba. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kunja kumaoneka kwatsopano pamene PU wa m'kati anatha kalekale. Tembenuzani chikwamacho. Nunkhizani, kandani pang'ono ndi chikhadabo, ndipo muone ngati chala chikumata. Yang'anitsani nsaluyo kudzuwa kuti muone timabowo, makamaka pansi ndi m'makona. Ikani pakamwa n'kupuzira mwamphamvu: mpweya ukadutsa mosavuta, madzinso adzadutsa. Chikwama chimene chopaka chake chatha chikhoza kugulidwa ndithu ngati malamba ndi misoko zili bwino, bola mtengo utsike ndipo mudziwe kuti mwagula chonyamulira, osati chotchinga madzi.

Telala waluso akhoza kusoka thumba labwino la lona, koma mumuuze zinthu zitatu. Misoko ikhale yochepa ndipo isadutse pansi penipeni pomwe madzi amadikha. Ulusi ukhale wa poliyesita kapena nayiloni, chifukwa wa thonje umakoka madzi n'kuvunda. Kukamwa kukhale kotalika kuti kuzipindidwa. Akamaliza, misoko ipakidwe guluu wogwirizana ndi nsaluyo: wa PVC pa lona wa PVC, silikoni pa nsalu ya silikoni. Guluu wolakwika amasupuka akangonyowa.

Kugawa ntchito pawiri

Tikaika zonsezi pamodzi, chimene chikuoneka n'chakuti kufuna nsalu imodzi yogwira ntchito zonse ndi kumene kumadyetsa anthu ndalama. Kunja kwa chikwama kumafunika nsalu yopirira miyala, minga ndi dzuwa. Kutchinga madzi kumayenda bwino kukakhala m'kati, kumene kulibe dzuwa kapena minga, ndiponso kumene chotchingacho chikatha mukhoza kuchisintha osataya chikwama chonse.

Kwa woyenda kumtunda, chikwama cha nayiloni kapena poliyesita wa pakati pa 400D ndi 600D, chokhala ndi tsinde lochindikala, n'chokwanira, ndipo m'kati muikemo thumba lalikulu losalowa madzi. Likhoza kukhala logula, la silikoni kapena TPU, kapena la pulasitiki yochindikala lopotokola kukamwa n'kumanga ndi mphira. Pepala la pulasitiki la m'kati mwa thumba la feteleza limagwira ntchito imeneyi likatsukidwa bwino, koma musaikemo chakudya chosakulunga. Timajumbo topyapyala n'tosadalirika, ndiponso malamulo a dziko lino a 2015 analetsa mapulasitiki osafika ma micron 60. M'malo otetezedwa ngati Lake Malawi National Park, pulasitiki imene mwalowa nayo mutuluke nayonso.

Kwa wokwera boti, zinthu zosafuna madzi n'komwe, monga foni, kamera, mankhwala, ziphaso ndi ndalama, zikhale m'thumba lopinda kukamwa la PVC kapena TPU lolumikizidwa posungunula, ndipo foni ikhalenso m'kathumba kake m'kati mwa thumbalo. Siyanimo mpweya pang'ono kuti liyandame likagwera m'madzi, ndipo mulimangirire ku boti. Thumba lotere si chovala chopulumutsira moyo, ndipo lisalowe m'malo mwake. Kumbukiraninso kuti chimene chimatsekera madzi kunja chimawatsekeranso m'kati: thaulo lonyowa limodzi limanyowetsa zonse. Mtundu wowala ndi wabwino kuposa wakuda, chifukwa sutentha kwambiri padzuwa ndipo umaoneka msanga pamadzi.

Moyo wa nsalu umadaliranso kasamalidwe. Mukabwera ku ulendo, kutumulani mchenga, tsukani ndi madzi ndi sopo wofatsa, osati mankhwala oyeretsera zovala, ndipo yanikani pamthunzi podutsa mphepo mpaka chiume m'kati ndi kunja. Musachisunge chopindidwa m'thumba la pulasitiki kapena pafupi ndi malata. Mchenga wa mu zipi uchotseni ndi mswachi wakale. Mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, amene ambiri amanyamula kunyanja, amasungunula mapulasitiki ndi zopaka zina, choncho botolo lake likhale palokha. Petulo wotayikira pansi pa boti la injini nayenso amawononga zopaka, ndiye katundu asakhale pafupi ndi chigubu cha mafuta.

Pomaliza, musadikire mwera kuti akuyesereni katundu. Kumayambiriro kwa nyengo iliyonse, ikani nyuzipepala youma m'thumba lanu, litsekeni mmene mumachitira paulendo, ndipo mulimize m'beseni kwa mphindi zingapo mukulipanikiza ndi manja. Timathovu tikatuluka, pamenepo pali bowo. Nyuzipepala ikatuluka yonyowa, matani bowolo kapena sinthani thumbalo musanaikemo foni.